Chivomezi cha ku Karonga ndi Mantha Amene Chidasiya

Inu amene mumakhala m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, ku Chisenga, ku Wenya ndi m'midzi yonse ya boma la Chitipa, ndiponso inu amene mukutimvera muli kutali, nkhani yathu ya lero ndi ya chivomezi. Anthu akamalemba mbiri ya ngozi yotere amaŵerenga nyumba zimene zidagwa, anthu amene adafa, ndi matumba a ufa amene adagaŵidwa. Zimenezi nzofunika ndithu. Koma pali chinthu china chimene sichiloŵa kaŵirikaŵiri m'mabuku a boma, ndicho mantha amene amatsala mwa anthu opulumuka nthaka itakhala kale bata. Tifuna tilondole mbiri ya mantha ameneŵa, ndi m'mene anthu adaphunzirira pang'onopang'ono kuŵachiza.

Tiyambe ndi nthaka imene tapondayi. Munthu akakwera Mafinga, mapiri otalika kupitirira mamita 2,000 amene ali pa malire a Malaŵi ndi Zambia, kumene mtsinje wa Luangwa umayambira, amaganiza kuti palibe chinthu cholimba kuposa miyala imeneyi. Komatu dera lathu lonse lili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene chidang'amba Africa kuchokera ku Ethiopia mpaka ku Mozambique. Nyanja ya Malaŵi, ya Rukwa ndi ya Tanganyika ndi madzi odzaza m'ming'alu ya chigwa chimenechi. Akatswiri a za miyala adapeza kuti mbali ziŵiri za chigwachi zikunka zitalikirana, mamilimita oŵerengeka chabe pa chaka, kotero kuti munthu sangaone ndi maso. Miyala ya pansi imapirira kukokedwako kwa zaka zambirimbiri, kenaka tsiku lina imathyoka nkuterereka. Kuthyokako ndiko timati chivomezi.

Tsono si chinthu chachilendo kwa ife. Pa 13 Disembala 1910 kudachitika chivomezi chimene chimatchedwa cha ku Rukwa, cha mphamvu yopitirira 7 pa muyeso wa akatswiri, chimodzi mwa zazikulu koposa zimene zidalembedwa kuvuma kwa Africa. Muyeso umenewu ndi wonyenga kwa munthu amene sadauzoloŵere, pakuti kuchoka pa 6 kufika pa 7 mphamvu imachuluka pafupifupi ka 30. Pa 10 Malichi 1989, usiku, chivomezi china chidagwedeza Salima, Dedza ndi maboma oyandikana nao. Anthu 9 adafa, ngati 100 adavulala, ndipo pafupifupi 50,000 adatsala opanda pogona. Za mitima ya anthu 50,000 amenewo, m'masiku amenewo sizinkakambidwa. Munthu akalandira bulangete, pulasitiki ndi ufa, ankaŵerengedwa kuti wathandizidwa.

Zaka 20 zitapita idafika nthaŵi ya Karonga. Lamulungu pa 6 Disembala 2009, madzulo anthu atangodya nsima, nthaka idagwedezeka ndi mphamvu ya 5.8. Anthu adathaŵira pabwalo, namayembekeza kuti zatha. Pa 8 Disembala m'bandakucha chidabwera china cha 5.9, ndipo mwana wamng'ono adafa khoma litamugwera. Pa 12 chidabweranso. Pakati pa zikuluzikuluzi panali timagwedezo tambirimbiri, usana ndi usiku. Kenaka usiku wa Loŵeruka pa 19, kutada kuloŵa Lamulungu pa 20, ola loyamba litangopitirira, chidafika chachikulu koposa, cha mphamvu ya 6.0. Chimenechi chidapeza ena atabwerera m'nyumba zao zong'aluka, chifukwa cha mvula ndi udzudzu wa kunyanja, ndiponso chifukwa munthu amatopa kugona panja. Anthu ena atatu adafa. Pa masiku onseŵa adafa anthu anai, ovulala adali pafupifupi 300, nyumba zoposa 1,000 zidagweratu, ndipo zina zikwizikwi zidang'aluka. M'malo ena nthaka idatseguka, m'malo ena a pafupi ndi nyanja mudatuluka madzi osakanizika ndi mchenga. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalengeza kuti Karonga ndi dera la ngozi, ndipo a Red Cross ndi mabungwe ena adafika ndi matenti. Khirisimasi ya chaka chimenecho mabanja ambiri adaidyera pansi pa mitengo ya mango.

Ife a kumapiri kuno tidachimva, mbale zidagwa pa thandala, agalu adauwa, koma nyumba zathu zambiri zidaima. Nchifukwa chake nkwapafupi kwa ife kunena kuti ngozi ija inali ya a kunyanja. Komatu ndi banja liti kuno limene lilibe mwana wophunzira ku Karonga, mlongo wokwatiwa kumeneko, kapena bambo wopita kukagula mpunga ndi usipa? Mantha adakwera nao mseu wa Karonga kudza ku Chitipa, umene nthaŵi imeneyo unali usanathiridwe phula, nadzaloŵa m'makomo mwathu.

Poyerekeza ndi zivomezi za maiko ena, chiŵerengero cha akufa chinali chochepa, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma pa za mtima, chivomezi cha ku Karonga chinali choipa mwa njira yakeyake, chifukwa sichidabwere kamodzi. Mkango ukagwira munthu m'mudzi nkuphedwa, anthu amalira maliro, nkuyamba kugona tulo. Koma apa kwa milungu iŵiri anthu ankati akati zatha, chimabwera china, ndipo chomaliza chidaposa zonse. Thupi la munthu lidaphunzira phunziro loipa lakuti bata nlonyenga. Onjezani apo kuti chimene chidapha ndi kuvulaza si chilombo cha kutchire ai, koma khoma la nyumba, malo amene mwana amathaŵirako akaopa kanthu. Mai amene ankati "loŵani m'nyumba kwada" adayamba kunena kuti "tulukani". Ndipo munthu angathe kuthaŵa madzi osefukira pokwera phiri, koma nthaka adzaithaŵira kuti?

Zotsatira zake nzodziŵika, ndipo nzofanana kulikonse kumene chivomezi chidapita. Munthu amadzidzimuka galimoto lalikulu likamadutsa, kapena chitseko chikamenyetseka. Amamva ngati pansi pakugwedezeka pamene sipakugwedezeka. Amagona chovala, pafupi ndi khomo, tulo osabwera; tikabwera, timadza ndi maloto oipa. Mwana amene adaleka kale kukodza pogona amayambiranso, namakakamira chitenje cha mai ake osafuna kupita ku sukulu. Bambo amene adali wofatsa amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, mwina nkuyamba kufuna tulo m'botolo la kachasu. Ena amangodandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuthamanga kwa mtima, namapita ku chipatala kukayezetsa malungo amene sapezeka. Kwathu kuno timangoti munthuyu akuganiza kwambiri.

Mtima wovutika chotere umafuna chifukwa. Ndipo apa mpamene mbiri itichenjeza, pakuti chifukwa cholakwika chimaonjeza bala. Pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Onse, chivomezi chidagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal anthu ambiri ali m'matchalitchi, ndipo moto ndi mafunde a nyanja zidamaliza zotsala. Wansembe wina wotchuka wa chipani cha Ajezuiti, Gabriel Malagrida, adalalika ndi kulemba kuti ngoziyo inali chilango cha machimo a mzindawo. Anali munthu wodzipereka, koma pa mfundo imeneyi sitingamtsate. Ganizani za mai amene mwana wake adafera pansi pa khoma la tchalitchi, akumva kuti Mulungu ndiye adaponya khomalo chifukwa cha machimo: chisoni chake chasanduka mlandu. Ambuye athu pokamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idaŵagwera, adakana kuti anthuwo adali ochimwa kuposa anzao. Nduna yaikulu ya dziko la Portugal, imene mbiri imaidziŵa ndi dzina lakuti Pombal, idatenga njira ina: idatumiza mafunso ku maparishi onse, kuti ansembe alembe nthaŵi imene nthaka idagwedezeka, kutalika kwa kugwedezako, zimene nyanja ndi zitsime zidachita, ndi nyumba zimene zidagwa. Mayankho a ansembe a kumidzi amenewo ali m'gulu la maziko a maphunziro a zivomezi.

Ku Karonga nakonso anthu adafuna chifukwa. Ena adati nchilango, ena adati dziko likutha, ena adaloza mgodi wa ku Kayelekera umene udatsegulidwa chaka chomwecho. Ndipo tonse tikudziŵa kuti m'maboma athu aŵiriŵa, tsoka likagwa, chala sichichedwa kuloza agogo okalamba kuti ndi mfiti. Akatswiri atafika ndi zipangizo zao adapeza kuti miyala idathyoka pafupi ndi pamwamba, m'ming'alu ya kumadzulo kwa nyanja, ndipo nchifukwa chake chivomezi chosakula kwambiri chidaononga chotere. Mng'alu waukulu mwa imeneyi adautcha St Mary's, dzina limene Akatolika a ku Karonga amalidziŵa bwino. Kufotokozera anthu zimenezi m'chilankhulo chao, kaya ndi Chinkhonde, Chilambya kapena Chitumbuka, si nkhani ya sukulu chabe, ndi mankhwala. Munthu amene wamva kuti timagwedezo totsatira ndi miyala imene ikukhazikika, ndipo kuti timanka tichepa, amaopabe, koma saopanso mnansi wake, ndipo sadziyesa wotembereredwa.

Nanga madokotala adayamba liti kuona bala losaonekali? Pa 28 Disembala 1908 chivomezi chidapha anthu oposa 70,000 ku Messina ndi madera ozungulira, kumwera kwa Italy. Kumeneko kudapita Don Luigi Orione kukasonkhanitsa ana amasiye, ndipo Papa Pius X adamuika kukhala wachiŵiri kwa episkopi wa mzindawo. Kudapitanso dokotala wachinyamata wa ku Switzerland, Eduard Stierlin, amene adacheza ndi opulumuka, nalemba kuti ambiri mwa iwo, ngakhale amene analibe bala m'thupi, ankasoŵa tulo ndi kulota zoopsa kwa nthaŵi yaitali. Mfundo yake inali yakuti zimenezi zimagwera ndi anthu olimba omwe, si chizindikiro cha ulesi kapena kufooka kwa mtundu. Dziko lidachedwa kumumvera. Padapita nkhondo ziŵiri zikuluzikulu ndi nkhondo ya ku Vietnam, mpaka m'chaka cha 1980 pamene madokotala a ku America adalemba nthendayi m'buku lao ndi dzina limene mwachidule amati PTSD, ndiko kuti kuvutika kwa maganizo kodza pambuyo pa zoopsa.

Phunziro lalikulu la za ana lidachokera ku Armenia. Pa 7 Disembala 1988 chivomezi chidagwetsa Spitak ndi mizinda ina, nkupha anthu ngati 25,000, ambiri mwa iwo ana amene adali m'kalasi. Madokotala aŵiri, Armen Goenjian ndi Robert Pynoos, pamodzi ndi anzao, adatsata ana opulumuka kwa zaka zambiri. Adapeza kuti patapita chaka ndi theka ana ambiri adali akuvutikabe, ndipo amene adali pafupi ndi pachimake pa chivomezi ndiwo ankavutika koposa. Mu mzinda wa Gumri ana ena adathandizidwa ku sukulu komweko, m'magulu ndiponso mmodzimmodzi, kukamba za mantha ao ndi za akufa ao, pamene ena sadalandire thandizo lotere. Patapita zaka zitatu chichitikire ngoziyo, oyambawo adali atapezako bwino, koma enawo adali ataipiraipira. Inu makolo, mau akuti "mwana saganiza, aiŵala yekha" mbiri idaŵatsutsa. Mwana sanena, koma amasunga.

Phunziro lachiŵiri lidachokera ku Japan, ndipo ndilo limene litikhudza kwambiri ife Amalaŵi. Pa 17 Januwale 1995 chivomezi cha ku Kobe chidapha anthu oposa 6,000. Boma, pokhala lolemera, lidamanga msanga timanyumba tongoyembekezera, ndipo pofuna chilungamo lidagaŵa timanyumbato mwa maere, okalamba ndi olumala nkukhala oyamba. Cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Agogo adapezeka ali kutali ndi anansi ao a zaka makumi, pakati pa anthu osaŵadziŵa. M'zaka zotsatira anthu oposa 200 adafera okhaokha m'timanyumba timeneti, ena mitembo yao nkupezeka patapita masiku. Anali ndi denga, madzi ndi magetsi, koma analibe munthu woti agogode m'maŵa nkufunsa kuti mwadzuka bwanji. Chivomezi china chitagwa ku Niigata mu Okutobala 2004, akuluakulu adakumbukira za ku Kobe, ndipo anthu a mudzi wa Yamakoshi adaŵasamutsa pamodzi, anansi nkukhalanso moyandikana.

Pali ndi njira ina imene idayesedwa nkusiyidwa. Kwa zaka zingapo alangizi ankathamangira kumalo a ngozi, namasonkhanitsa opulumuka kuti aliyense afotokoze tsatanetsatane wa zimene adaona, tsiku lomwelo kapena maŵa lake. Kafukufuku adaonetsa kuti kukakamiza munthu chotere sikuthandiza, mwina kumatosa bala. Nchifukwa chake buku limene bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2011, la thandizo loyamba la mumtima, limaphunzitsa zinthu zapafupi: kuyang'ana amene asoŵa thandizo, kumvetsera ngati munthu afuna kulankhula, ndi kumlumikiza ndi abale ake, chakudya, pogona ndi uthenga woona. Wosafuna kulankhula asakakamizidwe. Akulu athu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa maliro timadziŵa kale kukhala pansi pambali pa wofedwa usiku wonse osanena zambiri.

Apa tiyenera kunena zoona zonse ziŵiri. Choyamba nchakuti anthu ambiri amachira okha, pa milungu kapena miyezi yoŵerengeka, malinga ngati ali pabwino, akudya, ali pakati pa abale, ndipo manja ao ali ndi ntchito. Dziko lathu ndi losauka pa madokotala a nthenda za maganizo. Mu 2009 ankaŵerengeka ndi zala za dzanja limodzi, chipatala chachikulu cha boma cha nthenda zimenezi chili ku Zomba, ndipo kumpoto kuno timadalira Abale a St John of God amene adayamba ntchito yao ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990. Koma ndi lolemera pa chimene chidasoŵa ku Kobe. Chidikiro cha pa maliro, ulimi wothandizana, mphakati, kwaya, amai a chigwirizano ndi a mipingo ina, mfumu ndi bwalo lake, zonsezi ndi mankhwala amene maiko olemera akuyesa kupanga ndi ndalama. Disembala ndi mwezi wobzala ndi wopalira, ndipo nkhasu idachiza ambiri ku Karonga, chifukwa munthu wopita kumunda m'maŵa ali ndi chifukwa chodzukira.

Nyumba nayonso ili ndi mbali yake. Pambuyo pa ngoziyo, mu 2010, boma pamodzi ndi a Red Cross ndi mabungwe ena lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba: maziko okuya, makoma omangirirana bwino m'ngodya, lamba wozungulira pamwamba pa zitseko ndi mazenera, mazenera osakula kwambiri ndi osayandikira ngodya. Ambiri amayesa kuti imeneyi ndi nkhani ya amisiri okha. Koma bambo amene waumba njerwa, waona maziko akukumbidwa, ndipo akudziŵa chifukwa chimene khoma latsopanoli silingagwe ngati lakale lija, amagona m'nyumbamo mosiyana ndi amene wangopatsidwa kiyi. Chaka chomwecho, pa 21 Julayi, Papa Benedict XVI adakhazikitsa dayosizi ya Karonga, imene ikuphatikiza ndi Chitipa, ndipo Ambuye Martin Mtumbuka adadzozedwa mu Novembala kukhala episkopi wake woyamba. Motero dayosizi yathu idabadwa ming'alu ikuonekabe m'makoma.

Choona chachiŵiri nchakuti alipo ena, ochepa koma alipo, amene sachira okha, ndipo ameneŵa ndiwo timaŵalakwira kaŵirikaŵiri. Timaŵauza kuti alimbe mtima ngati mwamuna, kapena kuti chikhulupiriro chao nchochepa, kapena timaŵatengera kwa woombeza amene adzatchula dzina la mnansi. Inu akatekisti, amene mumaloŵa m'makomo momwe wansembe safika, mudziŵe zizindikiro. Ngati papita mwezi ndi kupitirira munthu akadali wosagona, sakutha kulima kapena kusamala ana, akuthaŵa anthu, wayamba kumwa kuposa kale kapena kumenya a m'nyumba mwake, musadikire. Makamaka ngati anena mau akuti kuli bwino kufa, musamsiye yekha, chotsani chingwe ndi mankhwala a mbeu pafupi naye, ndipo pitani naye ku chipatala. Ku chipatala cha boma ku Chitipa angathe kumuona, ndipo ngati kuli kofunika angamtumize ku Mzuzu. Kupemphera naye nkwabwino, monga timapempherera wothyoka mwendo, koma wothyoka mwendo timamnyamulanso pa machira. Mau akuti misala musaŵatchule. Nthenda imeneyi si misala, ndipo kuopa dzina limeneli kwatsekereza ambiri pakhomo la chipatala.

Dziko lathu laphunzirako. Namondwe wa Freddy ataononga kumwera mu Malichi 2023, m'misasa ya othaŵa mudafika alangizi a za maganizo pamodzi ndi ufa ndi mabulangete, chinthu chimene anthu a ku Salima sadachione mu 1989.

Chotsala nchakuti mantha otere amadziŵa kalendala. Ana amene adali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pamene makoma ankagwa ku Karonga, lero ndi akuluakulu, ena ali ndi mabanja ao, ena adakwatira kapena kukwatiwa kuno kumapiri. Madokotala adaona kuti nyengo ya ngozi ikabweranso, opulumuka ena amayambanso kusoŵa tulo osadziŵa chifukwa. Kwathu kuno nyengo imeneyi ndi Adiventi, mvula yoyamba ikamagwa ndipo mabingu akamagunda pa Mafinga usiku, malata nkumanjenjemera. Mukaona mtengwa wa kunyanja wadzambatuka pakati pa usiku, wanyamula mwana nkuthamangira pabwalo, musamuseke, ndipo musamufunse mafunso ambiri. Mtsateni ndi nyali, mumuuze kuti linali bingu, mukhale naye pakhonde mpaka mtima wake utatsika.